Kuumba chifanizo cha ngalande zankhondo za 1914–1918 m'kalasi

Mwana amene wakumana ndi mawu akuti trincheira m'buku la Chipwitikizi akhoza kuwatchula bwino, kuwalemba popanda cholakwa ndi kuwaloweza pamodzi ndi zaka zake, koma m'mutu mwake muli ngalande ya m'mbali mwa msewu yomwe mumadutsa madzi a mvula. Akamva kuti asilikali anakhala m'ngalande kwa zaka zinayi, nkhaniyo imamveka ngati nthano. Munthu angagone bwanji m'ngalande? Amadya chiyani? Amadzithandizira kuti? Nanga mvula ikagwa amathawira kuti?

Njira imodzi yoyankhira mafunso amenewa ndi kuumba chifanizo chaching'ono cha ngalandeyo, chomwe m'Chipwitikizi amachitcha maquete kapena diorama. Chifanizo chotere chimaonetsa kachigawo ka malo enieni, pa nthawi imodzi, pamodzi ndi anthu ake ndi zinthu zawo, ndipo zonse zimachepetsedwa pa mlingo umodzi. Ubwino wake waukulu ndi wakuti sichilola munthu kungolankhula za m'mwambamwamba. Wolemba akhoza kunena kuti ngalande inali yakuya n'kupitirira, koma woumba ayenera kudziwa kuti inali yakuya mamita angati, makoma ake ankagwiridwa ndi chiyani, ndiponso madzi ankalowera kuti. Chomwe mwana sanamvetse chimaonekera poyera pa thabwa.

Chiyambi cha ngalande

Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse inayamba mu 1914. Asilikali a Germany analowa mu Belgium ndi mu France akuyembekeza kupambana msanga, koma mu Seputembala chaka chomwecho anabwezedwa pa mtsinje wa Marne. Mbali zonse ziwiri zinayamba kukumba pansi, ndipo pofika kumapeto kwa chaka, mizere ya ngalande inali itatambalala kuchokera ku gombe la Belgium kukafika ku malire a Switzerland, mtunda wa makilomita pafupifupi 700.

Chomwe chinawakumbitsa ndi zida. Mfuti za chiwaya zinkatha kutulutsa zipolopolo mazana angapo pa mphindi imodzi, ndipo mizinga inkaponya mabomba omwazika tizidutswa tachitsulo. Munthu woyenda poyera sankafika patali. Pa 1 Julayi 1916, tsiku loyamba la nkhondo ya ku Somme, asilikali a Britain oposa 19,000 anafa tsiku limodzi lokha, ambiri mwa iwo atatuluka m'ngalande zawo kulunjika kwa adani. Dothi ndiye linali chishango chodalirika.

Ngalande sinali imodzi. Kawirikawiri pankakhala mzere wakutsogolo, wachiwiri wothandizira ndi wachitatu wosungira asilikali odikira, ndipo mizereyi inkalumikizidwa ndi ngalande zina zoyendamo. M'menemo ndi momwe munkadutsa chakudya, madzi, zipolopolo ndi anthu ovulala. Kutsogolo kwa zonse kunali waya waminga, kenako bwalo lomwe panalibe wolilamulira, ndipo kutsidya kwake kunali adani ndi mizere yawo.

Kusankha malo ndi nthawi

Cholakwa choyamba chomwe chimachitika ndi kufuna kuika nkhondo yonse pa thabwa limodzi: ndege, akasinja, akavalo ndi mbendera. Chifanizo chabwino chimasankha malo amodzi ndi ola limodzi, chifukwa ngalande zinkasiyana malinga ndi nthaka. Ku Somme nthaka ndi ya miyala yoyera yofewa ngati choko, ndipo asilikali a Germany anakumba zipinda zobisalamo zakuya mpaka mamita 9 kapena 10. Ku chigwa cha mtsinje wa Lys, kumpoto kwa France, zinthu zinali zina. Kumeneko ndi kudambo, ndipo munthu akangokumba pang'ono madzi amatumphuka. Choncho asilikali ankakumba pang'ono chabe, n'kumanga makoma okhuthala a matumba a dothi pamwamba pa nthaka.

Chigwa cha Lys ndi malo oyenera kusankha pa kalasi ya ku Mozambique, chifukwa ndi komwe kunali asilikali a Portugal, dziko lomwe linkalamulira kuno pa nthawiyo. Germany inalengeza nkhondo pa Portugal pa 9 Malichi 1916, ndipo kuyambira kumayambiriro kwa 1917 asilikali pafupifupi 55,000 a gulu lotchedwa Corpo Expedicionário Português anatumizidwa ku France. Anapatsidwa chigawo cha kufupi ndi midzi ya Neuve-Chapelle ndi Laventie. Ambiri anali alimi osauka a kumidzi, ndipo ochuluka sankadziwa kuwerenga ndi kulemba. Anakhala m'matope nyengo yonse yachisanu popanda owalandira okwanira. Pa 9 Epulo 1918 asilikali a Germany anawathira nkhondo yaikulu m'mamawa kuli chifunga. Mazana anafa ndipo oposa 6,000 anagwidwa. Manda a asilikali a Portugal alipo mpaka lero ku Richebourg.

Kalasi ikhoza kugwirizana kuti chifanizo chake chionetse kachigawo ka mzere wakutsogolo wa asilikali amenewa, m'mawa wina wa mwezi wa Febuluwale 1918, dzuwa litangotuluka. Chisankho chimenechi chimayankhiratu mafunso ambiri. Mitengo ilibe masamba. Pansi pali madzi. Asilikali avala yunifolomu yotuwa, zipewa zachitsulo ndi mfuti zochokera ku Britain.

Sikelo

Sikelo ndiyo msana wa ntchito yonse. Anthu amene amaumba zifanizo za nkhondo ndi zidole zogula m'sitolo amakonda sikelo ya 1:35 kapena ya 1:72. Pa 1:35 munthu wamtali mita imodzi ndi masentimita 75 amakhala wa masentimita 5, ndipo pa 1:72 sakwana masentimita awiri ndi theka. Masikelo amenewa ndi ovuta m'kalasi, chifukwa kugawa ndi 35 kapena 72 kumasiya zotsala zambiri, ndiponso zidole zake ndi zazing'ono kwa zala za ana. Sikelo ya 1:20 ndiyo yosavuta. Tanthauzo lake ndi lakuti sentimita imodzi pa chifanizo ikuimira masentimita 20 a chinthu chenicheni, kotero mita imodzi imakhala masentimita 5.

Miyeso ya ngalande inkasiyana malo ndi malo, koma iyi ndi yoyandikira yomwe kalasi ingayambire:

Msilikali wa mita imodzi ndi masentimita 70 amakhala masentimita 8 ndi theka.
Khoma la mamita awiri, kuchokera poponda kufika pamwamba, limakhala masentimita 10.
M'lifupi mwa ngalande pansi, pafupifupi mita imodzi, mumakhala masentimita 5.
Chiunda choimapo powombera, cha masentimita 60, chimakhala masentimita atatu.
Thumba la dothi la masentimita 50 m'litali limakhala masentimita awiri ndi theka.
Mfuti ya Lee-Enfield, yopitirira pang'ono mita imodzi, imakhala masentimita 5 ndi theka.

Ndi bwino kuti ana asapatsidwe mayankhowa. Mphunzitsi alembe miyeso yeniyeni pa bolodi, ana agawe okha. Asanaumbe chilichonse, kalasi ituluke panja ndi chingwe, ijambule pansi ngalande ya mita imodzi m'lifupi, ndipo ana awiri ayese kupatukirana m'menemo atanyamula zidebe. Pa khoma la kalasi palembedwe mzere pa mamita awiri, kuti aliyense aone kuti ngakhale mphunzitsi wamtali sakanatha kusuzumira kunja osakwera pa chiunda.

Gulu lililonse lidule kamtengo ka masentimita 8 ndi theka kuti kakhale msilikali woyesera. Chilichonse chomwe chaumbidwa chiyambe chaimikidwa pambali pa kamtengoko. Chidebe chikafika m'chiuno mwake ndiye kuti chakula, ndipo khoswe akalingana ndi mwendo wake ndiye kuti wasanduka galu.

Sikelo imaphunzitsanso ndi zomwe zakanika kulowa. Thabwa la masentimita 60 m'litali ndi 40 m'lifupi limaimira malo a mamita 12 ndi 8 okha. Bwalo la pakati pa adani linkasiyana kukula: pena mamita makumi ochepa, pena mazana angapo. Likakhala la mamita 200, pa sikelo imeneyi lifuna mamita 10, kutanthauza kuti ngalande ya adani ikanaumbidwa kunja kwa kalasi. Mzere wonse wa makilomita 700 ukanafuna thabwa la makilomita 35. Mwana amene wawerengera yekha zimenezi wamva kukula kwa nkhondoyo koposa amene wangouzidwa kuti inali yaikulu.

Kuumba nthaka ndi makoma

Ntchitoyi siifuna kugula zambiri. Ana a kumudzi ndi akatswiri kale pa kuumba ng'ombe zadothi ndi kupinda magalimoto a waya, ndipo luso lomwelo ndi lomwe likufunika. Zofunika ndi thabwa kapena makatoni olimba omatidwa atatu, dothi la pachulu, utuchi kapena mchenga, phala la ufa wa chinangwa lomatira, timitengo ta machesi, nsungwi, udzu, nsanza, waya wopyapyala wa m'nthambo zakale zamagetsi, makala ndi phulusa.

Choyamba ndi kujambula mapu a ngalande pa thabwa. Ngalande isawongoke. Asilikali ankaikumba mokhotakhota, kapena ankasiya zigulu za dothi pakapita mamita angapo, kuti bomba likagwera mkati tizidutswa take tisayende ngalande yonse, ndiponso kuti mdani akalowa asathe kuwombera mzere wonse ataima pamodzi. Pa thabwa la masentimita 60 pakhoza kukwana chipinda chimodzi chowomberamo, ngodya kumbali zonse ziwiri, ndi pakamwa pa ngalande yopita kumbuyo.

M'chifanizo ngalande sikumbidwa, koma nthaka ndi yomwe imakwezedwa kumbali zake. Zidutswa za katoni zisanjikizidwe mbali zonse ziwiri za mzere wojambulidwa mpaka kufika pa msinkhu wofunika, kenako pamwamba pazidwe dothi ngati momwe azimayi amazirira nyumba. Chifanizo cha dothi lokhalokha chimalemera kwambiri ndipo chimang'aluka. Dothi lisakanizidwe ndi utuchi kapena mchenga, lizidwe mopyapyala kawiri kapena katatu, ndipo liume pamthunzi. Likaikidwa padzuwa limauma kunja mkati muli mwamadzi, n'kusweka. Ming'alu ing'onoing'ono itsekedwe ndi dothi lamadzimadzi. Kutsogolo kwa khoma, dothi likadali lofewa, kudindidwe maenje a mabomba ndi chala kapena chitsekerero cha botolo, ndipo milomo ya maenjewo ikwezedwe pang'ono.

Khoma loyang'ana kwa adani ndi khoma lakumbuyo onse ankafuna chowagwira, chifukwa dothi lonyowa limagumuka. Asilikali ankagwiritsa ntchito matabwa, malata, waya wolukidwa ndi timitengo tolukidwa ngati nkhokwe. Malata a chifanizo amapezeka posenda pepala lakunja la katoni, kuti mizere yamkati ionekere. Timitengo tolukidwa tipangidwe ndi udzu wolukidwa pa tizipilala ta nsungwi. Ana odziwa kuluka nkhokwe kapena mpanda angaphunzitse anzawo.

Matumba ndiwo amadya nthawi. Ngakhale amatchedwa matumba a mchenga, kawirikawiri ankathiramo dothi lomwe lakumbidwa pomwepo. Ankawayala ngati njerwa, mzere wina m'litali wina mopingasa, kukamwa komangako kukuloza mkati mwa khoma, ndipo ankawaphwanyaphwanya ndi fosholo kuti akhale afulati. Njira yachangu ndi kupota dothi ngati chingwe, kulidula m'zidutswa za masentimita awiri ndi theka, ndi kudinda chilichonse ndi kansanza kuti chioneke ngati chiguduli. Aikidwe pa khoma akadali ofewa kuti akhalirane ngati matumba enieni. Apanso pali masamu: khoma la masentimita 60 lifuna matumba 24 pa mzere umodzi, ndipo mizere isanu ifuna 120. Zonsezi ndi za mamita 12 okha, ndipo matumba enieni ankaola n'kumafuna atsopano.

Pansi pa ngalande pankakhala matabwa oyendapo, opangidwa ngati makwerero ogonekedwa, ndipo pansi pake pankadutsa madzi kupita ku dzenje lowasonkhanitsa. Timitengo ta machesi todulidwa pakati n'kumatidwa pa tizitsamba tiwiri ta nsungwi timachita bwino. Madzi aonetsedwe ndi kapulasitiki koonekera koikidwa pamwamba pa dothi lopakidwa makala, m'mphepete mwake n'kukwiriramo dothi. Madzi enieni asathiridwe, chifukwa amasungunula ntchito yonse.

Waya waminga apangidwe popota tiwaya tiwiri pamodzi, kukulunga tizidutswa tina motalikirana ndi sentimita imodzi, ndi kudula nsonga zake. Amangidwe pa tizikhomo kutsogolo kwa khoma mosokonezeka, osati mwaudongo ngati mpanda wa sukulu.

Mtundu wa zonse ukhale wa matope. Makala operedwa, phulusa ndi njerwa yopera zisakanizidwe ndi phala lamadzimadzi n'kupakidwa. Ana amafuna kubzala udzu wobiriwira ndi mitengo ya masamba kuti chifanizo chikongole, ndipo m'pomwe mphunzitsi angafunse chomwe mizinga imachita pa munda umene yauwomba kwa zaka zitatu. Chitsa chimodzi chothyoka n'chokwanira. Chifanizo chikatha chisungidwe pamwamba, chovundikiridwa, chifukwa chiswe, mphemvu ndi mbewa zimakonda katoni ndi phala la chinangwa.

Anthu a m'ngalande

Chidole chilichonse chiyambe ndi mafupa a waya, kenako chikutidwe ndi dothi kapena mapepala onyowetsedwa m'phala. Mutu usapose njere ya nzama. Koma funso lalikulu si kaumbidwe. Funso ndi lakuti: munthu ameneyu akuchita chiyani?

Akasiyidwa okha, ana amaumba asilikali onse akuwombera. M'ngalande masiku ambiri sankatha choncho. Moyo wake unali kudikira, kukonza ndi kupirira. M'bandakucha ndiponso chisisira aliyense ankakwera pa chiunda ndi mfuti yake, chifukwa nthawi zimenezo ndi zomwe adani ankakonda kuukira. Kukacha ankatsuka mfuti, kudya, kukhuthula madzi ndi kugona pang'ono. Ntchito zazikulu zinkachitika usiku: kukonza waya, kudzaza matumba, kukatenga chakudya kumbuyo ndi kukazonda adani. Mwa dongosolo gulu linkakhala kutsogolo masiku ochepa n'kusinthana ndi lina, koma komwe asilikali ankaperewera kusinthanako kunkachedwa.

Zidole zisanu kapena zisanu ndi chimodzi n'zokwanira, chilichonse ndi nkhani yake. Mlonda akhale akuyang'ana kudzera m'kabokosi kakatali ka magalasi awiri, chifukwa kutulutsa mutu masana kunali kudzipereka kwa owombera obisala. Wina akhale atavula jombo akupukuta phazi. Kuima m'madzi ozizira nthawi yaitali kunkachititsa mapazi kuchita dzanzi, kutupa ndi kuola, mpaka ena ankadulidwa. N'chifukwa chake akuluakulu ankayendera mapazi, kulamula kusintha masokosi ndi kudzola mafuta a nangumi. Wina akhale akutunga madzi m'ngalande ndi chidebe. Wina atenthetse tiyi pa kachitini. Chakudya chinali nyama ya m'chitini ndi mabisiketi olimba, zomwe asilikali a Portugal sanazizolowere, ndipo madzi akumwa nthawi zambiri ankabwera m'zigubu zomwe munali petulo. Wina akhale akulembera mnzake kalata yopita kumudzi, mwini kalatayo atakhala pambali akunena mawu.

Sikelo imabweretsa vuto lina lokoma kuliganizira. Khoswe akhoza kuumbidwa, pakuti thupi lake limapitirira pang'ono sentimita imodzi. Nsabwe ndiye sizingatheke, chifukwa pa 1:20 siziwoneka n'komwe. Komabe zinkasautsa pafupifupi msilikali aliyense ndipo zinkafalitsa matenda a malungo a m'ngalande. Njira yozionetsera ndi kuumba munthu atavula malaya akuyendetsa misoko yake pa lawi la kandulo, monga momwe ankachitira potentha mazira ake. Ana akapeza okha njira imeneyi, aphunzira kuti chinthu chosaoneka chimadziwika ndi zomwe anthu akuchita nacho.

Tinthu ting'onoting'ono timakamba zambiri. Chikhungwa cha bomba chopachikidwa pa mtengo chinkaimbidwa ngati belu pochenjeza za mpweya wa poizoni, womwe unagwiritsidwa ntchito kwambiri koyamba pa 22 Epulo 1915 kufupi ndi Ypres. Kangalande kakafupi kopatuka kokhala ndi chidebe ndiko kanali chimbudzi. Kachipinda kotsika ka matumba ndi malata, komwe munthu sangaimemo, ndiko kanali kogona.

Zomwe thabwa silingaonetse

Chifanizo n'chaukhondo, n'chachete ndipo sichinunkha. Ngalande yeniyeni inali ndi fungo la matope, zimbudzi ndi mitembo, kuzizira kolowa m'mafupa, ndi phokoso la mizinga, yomwe ndiyo inapha ndi kuvulaza anthu ambiri pa nkhondoyo. Mphunzitsi anene zimenezi poyera, kuopa kuti ana angatenge ngalande ngati nyumba ya masanje.

Chinanso chomwe thabwa limabisa ndi chakuti nkhondo yomweyo inafika kuno, koma ndi nkhope ina. Mu Epulo 1916 asilikali a Portugal analanda Quionga, kufupi ndi matsiriro a mtsinje wa Rovuma. Pa 25 Novembala 1917 gulu la Germany lotsogoleredwa ndi Paul von Lettow-Vorbeck linawoloka Rovuma n'kugonjetsa Apwitikizi ku Negomano, ndipo linayenda m'dziko muno miyezi yambiri mpaka kukamenya nkhondo ku Namacurra mu Julayi 1918. Imeneyi inali nkhondo ya miyendo, ndipo katundu wake ankasenzedwa pamutu ndi amtengatenga, omwe ambiri ankagwidwa mokakamiza ndipo ochuluka anafa ndi njala ndi matenda. Kugwira anthu kotereku ndi chimodzi mwa zomwe zinautsa kuukira kwa ku Báruè mu 1917. Chipilala chokumbukira omwe anafa pa nkhondoyi chili ku Maputo, pa Praça dos Trabalhadores, kutsogolo kwa siteshoni ya sitima. Kalasi yomwe yamaliza ngalande ya ku Lys ikhoza kuumba chifanizo chachiwiri pa sikelo yomweyo: mzere wa amtengatenga pa njira ya m'thengo. Zifanizo ziwirizi zikaikidwa pamodzi, ana amaona kuti chaka chinali chimodzi koma kuvutika kunali kwa mitundu iwiri.

Mawu a zilankhulo ziwiri

Kukambirana konse kwa poumba kuyenera kuyamba m'Chinyanja, chifukwa m'menemo ndi momwe mwana amatha kutsutsa mnzake kuti khoma lafupika kapena kufotokoza chifukwa chake ngalande yakhota. Mawu a Chipwitikizi alowe chinthu chake chikakhala kale m'manja. Pomaliza chigawo chilichonse chikhale ndi kachikwangwani ka mbali ziwiri: parapeito ndi khoma lakutsogolo, banqueta ndi chiunda choimapo, passadeira ndi matabwa oyendapo, abrigo ndi mobisalira, arame farpado ndi waya waminga. Kumene Chinyanja chilibe mawu okhazikika, ana apereke maganizo awo n'kusankha lomwe likufotokoza bwino ntchito ya chinthucho.

Mawu awiri amafuna kusamala. Kwa mwana wa kumudzi, sikelo ndi chipangizo choyezera chimanga kapena fodya pamsika, chomwe m'Chipwitikizi ndi balança. Sikelo ya mapu ndi zifanizo ndi escala, mawu omwe amafanananso ndi escola ndi escada. Kusiyana kumeneku kukapanda kunenedwa, mwana adzayankha funso lina. Mawu ena ndi terra de ninguém, dzina la bwalo la pakati pa adani. Akamasuliridwa kuti malo opanda mwini, mlimi aliyense adzadabwa, ndipo adzakhala akulondola: malowo anali minda ya anthu a ku France ndi Belgium omwe anathawa nkhondo.

Poonetsa chifanizo kwa makalasi ena kapena kwa makolo, gulu lililonse lifotokoze chigawo chake m'Chinyanja kenako m'Chipwitikizi. Mphunzitsi amatha kuona pamenepo ngati chomwe chikuvuta ndi nkhani kapena chilankhulo. Mwana amene walongosola bwino m'Chinyanja chifukwa chake ngalande inkakhota, koma wakakamira m'Chipwitikizi, akusowa mawu chabe. Amene wakanika m'zilankhulo zonse ziwiri ayenera kubwerera pa thabwa.

Zofunika kusamala

Nkhondo si nkhani yakutali m'mabanja ambiri. Agogo ndi makolo a ana ena anadutsa mu nkhondo yomwe inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ambiri a ku Tete atathawira ku Malawi, ndipo m'kalasi mukhoza kukhala mwana wochokera ku Cabo Delgado. Mwana asakakamizidwe kukamba za kwawo kapena kuumba ovulala. Wosafuna zidole apatsidwe ntchito ya miyeso, matumba kapena zikwangwani.

Lamulo lina linenedwe tsiku loyamba: pasapezeke wotola chitsulo chachilendo kutchire kuti adzachiike pa chifanizo. Dziko la Mozambique linalengeza mu 2015 kuti minda yonse yodziwika ya mabomba okwirira yachotsedwa, koma chida chakale chikhoza kutsalira pena. Ku France ndi ku Belgium alimi akufukulabe mabomba a nkhondo ya 1914–1918 polima, ndipo amawasiya m'mbali mwa munda kuti akatswiri adzawatenge. Mwana akaona chinthu chotere asachikhudze, akauze akuluakulu.

Ntchito yonseyi ikhoza kugawidwa m'masabata atatu kapena anayi, kuti dothi lipeze nthawi youma: miyeso ndi mapu, nthaka ndi makoma, zidole, kenako zikwangwani ndi chionetsero. Poyesa ntchito ya gulu, kukongola kukhale komaliza. Mphunzitsi atenge kamtengo ka masentimita 8 ndi theka kaja, akaimike m'ngalande, n'kufunsa ngati munthu ameneyu mutu wake wabisika, ngati angaone kunja akakwera pa chiunda, ndi komwe angagone usiku mvula ikugwa.